Kodi phwete lingalowe m'malo mwa mankhwala a BP? Zokambirana za Amalawi a ku Joni

Bambo Mbewe, Mayfair: Moni nonse akuluakulu. Pali uthenga umene ukuzungulira m'mafoni wonena kuti munthu akamaseka mphindi 15 tsiku lililonse akhoza kusiya mankhwala a BP, akuti kuseka kumapha mahomoni a nkhawa. Anthu athu ambiri kuno ku Joni akuugawana, ndipo ena mwa iwo ndi odwala BP ndithu. Pa gulu pano tili ndi anamwino, a ku famase ndi aphungu. Tithandizeni, choona chalekezera pati ndipo bodza layambira pati?

Mayi Nabanda, namwino: Zikomo bambo Mbewe. Ndiyambe ndi chofunika kwambiri: amene akumwa mankhwala a BP asasiye. Tsopano ndifotokoze za mahomoniwo kuti timvane.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal. Munthu akadzidzimuka, kaya wamva kuti apolisi akufunsa mapepala pa ngodya, kaya bwana wanena kuti ntchito yatha, mkati mwa kachiwaloka mumatuluka adrenaline m'masekondi ochepa. Mtima umagunda mothamanga, m'kamwa mumauma, m'manja mumachita thukuta, mitsempha ya pakhungu ndi ya m'matumbo imafinyika kuti magazi apite ku minofu. Homoni ina ya nkhawa, cortisol, imabwera pambuyo chifukwa uthenga wake umayenda ulendo wautali. Mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus imatulutsa homoni yotchedwa CRH, CRH amadzutsa kachiwalo kena ka kunsi kwa ubongo kotchedwa pituitary, iko kamatulutsa homoni ina yotchedwa ACTH, ndipo ACTH ndi amene amayenda m'magazi kukafika ku adrenal. N'chifukwa chake cortisol amafika pachimake pakatha mphindi 20 mpaka 30 chichitikireni chodzidzimutsacho.

Cortisol si mdani ayi. Amauza chiwindi kuti chitulutse shuga m'magazi, amathandiza kuti BP isagwe, amaziziritsa kutupa. Munthu amene thupi lake silipanga cortisol amadwala matenda a Addison, ndipo popanda mankhwala amamwalira. Ndiye mawu akuti kupha mahomoni ndi olakwika kale. Tsiku lililonse cortisol amakwera m'mawa, makamaka pa mphindi 30 mpaka 45 munthu atadzuka, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka pakati pa usiku. Vuto limabwera pamene nkhawa sikutha: lendi, pemiti, kumudzi akufuna ya feteleza ndi ya fizi, mwezi uno ndi wamawa chimodzimodzi. Pamenepo thupi silipeza mpata wotsika. Tulo timasowa, shuga amakwera, mafuta amaunjikana pamimba, chimfine sichichedwa kugwira.

Achimwene Chirwa, Braamfontein: Mayi Nabanda ayala bwino maziko. Ine ndiike manambala a kafukufuku. Woyamba amene amatchulidwa kawirikawiri ndi wa Lee Berk wa ku Loma Linda University ku California, mu 1989. Anatenga amuna 10, asanu anaonera vidiyo yoseketsa kwa mphindi 60, asanu enawo anangokhala. Magazi a amene anasekawo anasonyeza cortisol wotsika mofulumira kuposa a anzawo. Anthu 10 ndi ochepa kwambiri, koma njira inatsegukira pamenepo.

Mu 2023 Caroline Kramer ndi Cristiane Leitão anaphatikiza kafukufuku 8 wa anthu 315 pamodzi, n'kupeza kuti kuseka kunatsitsa cortisol ndi pafupifupi 32 peresenti poyerekeza ndi amene sanaseke. Ngakhale kuseka kwa nthawi imodzi yokha kunaonetsa kusintha.

Za mitsempha: Michael Miller wa ku University of Maryland anayeza anthu 20 athanzi. Ataonera filimu yoseketsa, magazi oyenda mu mtsempha wa pamkono anawonjezeka ndi pafupifupi 22 peresenti. Ataonera filimu ya nkhondo yosautsa mtima, anatsika ndi pafupifupi 35 peresenti. Khungu la mkati mwa mtsempha limatulutsa nitric oxide amene amaufewetsa kuti utseguke, ndipo akatswiri amaganiza kuti kuseka kumalimbikitsa ntchito imeneyi.

Za ululu: Robin Dunbar wa ku Oxford anapeza kuti anthu akaseka limodzi kwa mphindi 15 amapirira ululu kwambiri ndi pafupifupi 10 peresenti. Mu 2017 a ku Turku ku Finland anajambula ubongo wa amuna amene anaseka ndi anzawo kwa mphindi 30, n'kuona kuti ubongo watulutsa endorphin, mankhwala ake a thupi opha ululu.

Bambo Mbewe, Mayfair: Ndiye achimwene, manambala amenewa sakuikira umboni uthenga uja?

A Gondwe, a ku famase, Rosettenville: Ayi bambo, ndipo apa ndipamene anthu akupusitsidwira. Taonani zimene anayeza. Anayeza cortisol m'malovu kapena m'magazi, mtsempha wa pamkono, pa mphindi kapena maola ochepa kusekako kutatha. Sanatsatire odwala BP kwa zaka kuti aone amene wachita sitiroko ndi amene impso zafa. Mankhwala a BP anayesedwa motero, pa anthu zikwizikwi kwa zaka zambiri, ndipo anasonyeza kuti amachepetsa sitiroko. Kuseka kulibe umboni wa mtundu umenewo. Komanso m'kafukufuku wa kuseka munthu amadziwa kuti ali m'gulu loseka, sungamubisire ngati mmene amabisira piritsi lenileni ndi la ufa.

Chimene chimapusitsa n'chakuti amlodipine, mmodzi wa mankhwala a BP, amakhalitsa m'thupi, theka lake limatha pakadutsa maola 30 mpaka 50. Munthu akasiya lero, mawa ndi mkuja akayeza aona nambala yabwinobwino, n'kunena kuti ndachira ndi phwete. Pakutha sabata BP yabwerera mwakachetechete, popeza nthawi zambiri siipweteka pena paliponse. Atenolol, mankhwala enanso a BP, ndiye woopsa kumusiya mwadzidzidzi, mtima umathamanga kuposa kale ndipo amene ali ndi vuto la mitsempha ya mtima chifuwa chikhoza kugwira.

Ndiwonjeze china chimene sichikambidwa pamene tikunena za cortisol. Mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misewu ya m'tauni muno, ambiri muli betamethasone kapena clobetasol. Amenewa ndi achibale a cortisol, amphamvu kuposa iye. Munthu akamadzola thupi lonse kwa miyezi, amalowa m'magazi: nkhope imatupa, khungu limapyapyala n'kuchita mizere, shuga ndi BP zimakwera, adrenal amagona chifukwa akuona kuti ntchito yake ikugwiridwa kale. Mapiritsi a prednisone, nawonso achibale a cortisol, ndi chimodzimodzi. Amene wamwa kupitirira masabata 3 asasiye kamodzi n'kamodzi, dokotala amuchepetsere pang'onopang'ono. Munthu wotere ngakhale aseke kuyambira m'mawa mpaka madzulo, gwero la vuto lake lili m'botolo la mafuta.

Achimwene Chirwa, Braamfontein: Ndikuvomereza a Gondwe. Manambala ndinaikawo akunena za kusintha kwa kanthawi kochepa basi. Ndi kusintha kwenikweni, koma si kuchira.

Mayi Nachisale, phungu, Yeoville: Ine ndikufuna tikhale pang'ono pa funso ili: kuseka kwake kuti? Chifukwa si phwete lililonse limene limapepuza mtima.

Robert Provine wa ku Maryland anamvetsera anthu akucheza m'misewu ndi m'masitolo, n'kupeza kuti munthu amaseka pafupifupi ka 30 kuchuluka akakhala ndi anzake kuposa akakhala yekha, ndipo zambiri zimene anthu amasekerana si nthabwala n'komwe, ndi mawu wamba a macheza. Tanthauzo lake n'lakuti kuseka ndi chizindikiro chimene thupi limapereka ndi kulandira chakuti pano ndili pakati pa anthu anga, palibe choopsa. Ubongo ukamva choncho umachepetsa belu lake la ngozi. Ndiye gawo lina la phindu limene achimwene Chirwa awerenga likuchokera kwa anthu amene ukuseka nawo.

Kwathu izi anaziika m'mwambo kalekale. Pa maliro a Chichewa adzukulu amaloledwa kuchita nthabwala ngakhale anamfedwa ali m'misozi, ndipo palibe amawadzudzula. Asuweni amanyogodolana popanda mlandu, agogo aakazi amatcha kamdzukulu kuti amuna anga, alamu amasereulana. Onse amadziwa malire, ndipo wosekedwayo nayenso ali ndi ufulu wobwezera. Kuno ku Joni ambiri anasiya zonsezi kumudzi. Mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton, wogona kuseri kwa nyumba ya abwana, akhoza kutha sabata osalankhula Chichewa ndi munthu maso ndi maso. Mnyamata wa m'shopu amaima maola 12 akumwetulira makasitomala. Kumwetulira kwa ntchito kumeneko n'kwa chiphamaso, ndipo kumatopetsa mtima m'malo moupumitsa.

Katswiri wa za maganizo Rod Martin wa ku Canada, mu 2003, anagawa nthabwala m'mitundu 4. Iwiri imayenda ndi mtima wokhazikika: yosekera limodzi ndi anzako, ndi yotha kuona choseketsa m'mavuto ako osadzinyoza. Iwiri inayo ndi yonyoza ena ndi yodzinyoza wekha kuti anthu akulandire. Yomalizayi imapezeka kwambiri mwa anthu a nkhawa ndi okhumudwa. Ndipo pamene gulu likuseka munthu chifukwa cha Chizulu chake chothyokathyoka kapena nsapato zake, thupi la wosekedwayo likuchita zonse zimene mayi Nabanda afotokoza. Kuchititsidwa manyazi pamaso pa anthu ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimakweza cortisol kwambiri, moti ofufuza akafuna kumukweza dala amamuimika munthu kuti alankhule ndi kuwerengera masamu pamaso pa oweruza osamwetulira.

Chomaliza, ndipo ndikupempha aliyense achigwire. Munthu woseketsa gulu akhoza kukhala wodwala matenda okhumudwa. Ngati kwa masabata 2 kapena kuposa mtima uli pansi tsiku ndi tsiku, zimene ankakonda sizikumukomanso, tulo ndi chakudya zasokonekera, kapena akulankhula zofuna kufa, musamutumizire mavidiyo oseketsa. Mupite naye ku kiliniki, kapena aimbire SADAG, bungwe lothandiza anthu a nkhawa ndi okhumudwa, pa 0800 567 567, nambala yaulere.

Tadala, Diepsloot: Amayi, nanga munthu amene amakhala yekha n'kumaseka dala popanda choseketsa, zimathandiza? Ndimamva kuti kuli magulu ochita zimenezi.

Achemwali Nyirenda, a mafizo: Alipo, Tadala. Anayambitsa ndi dokotala wa ku Mumbai ku India, Madan Kataria, mu 1995, ndipo njirayo imatchedwa laughter yoga. Ndifotokoze kaye zimene zimachitika m'thupi. Kuseka ndi kutulutsa mpweya modukizadukiza, pafupifupi ka 5 pa sekondi, minofu ya pamimba ndi ya m'nthiti ikukankha. Pa nthawiyo mtima umathamanga ndipo BP imakwera pang'ono. Phindu limabwera ukasiya: umakoka mpweya wambiri, minofu imalefuka, mtima umabwerera pansi. Ambiri amalakwitsa podumpha gawo lopumali.

Kachitidwe kake pa gulu la anthu 5 mpaka 15 ndi aka. Imani mozungulira moti muzionana nkhope, pakhale patadutsa ola limodzi kapena awiri chidyereni. Mphindi 2 zoyamba ombani m'manja motsatira kayimbidwe mukunena ho ho, ha ha ha, mawuwo achokere pamimba osati pakhosi. Ikani dzanja pamchombo, lizigwedezeka. Kenako kwezani manja mukukoka mpweya ndi mphuno, weramani pang'ono mukuutulutsa ndi kuseka, katatu. Zikatero yendani mukupatsana moni wa dzanja, aliyense amuyang'ane mnzake m'maso akuseka, masekondi 30 mpaka 45, n'kupuma kawiri kapena katatu musanayambe china. Bwerezani mosinthasintha kwa mphindi 10. Kumapeto khalani pansi mphindi 3 mpaka 5, kokani mpweya masekondi 4, tulutsani masekondi 6, ndiye kuti ka 6 pa mphindi.

Zimene zimalakwika: wina amakuwa ndi khosi mpaka mawu kusasa, wina amapumira m'mwamba mofulumira mpaka chizungulire ndi dzanzi m'zala chifukwa watulutsa mpweya woipa wambiri kuposa muyezo. Zikatero akhale pansi apume pang'onopang'ono, zimatha zokha. Za kukhala wekha, kuseka dala kumakupatsa gawo la mpweya ndi la minofu, koma pa gulu kuseka kokakamiza kumasanduka kwenikweni chifukwa phwete limapatsirana. Dunbar uja anapeza kuti chimene chinasintha ululu ndi chikhakhali chenicheni, chopweteketsa nthiti chija, osati kuseka kwaulemu. Ndiye ngati mungasankhe pakati pa kuseka nokha m'chipinda ndi kuimbira msuweni wanu pa vidiyo Lamlungu, imbani foni. Kapena mukakumane ndi anzanu ku paki ya Zoo Lake, muyende mukucheza, mupezeretu mbali ya mphindi 150 zolimbitsa thupi pa sabata zimene WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, imalimbikitsa.

Bambo Kamanga, Turffontein: Achemwali, pali ena akuti kuseka kumachepetsa thupi, ena akuti kumatsitsa shuga.

Achimwene Chirwa, Braamfontein: Za thupi iwalani bambo. A ku Vanderbilt University anayeza, mphindi 10 mpaka 15 za kuseka zimatentha makalori 10 mpaka 40 okha, osakwana ngakhale kagawo kamodzi ka buledi. Za shuga, ku Japan mu 2003 Keiko Hayashi ndi anzake anapatsa anthu 19 odwala shuga chakudya chofanana masiku awiri, tsiku lina anamvetsera phunziro lotopetsa, lina anaonera sewero loseketsa. Tsiku la sewerolo shuga wa pambuyo pa chakudya anakwera mochepa. Anakwerabe ndithu, ndipo mankhwala a shuga monga metformin ndi kuchepetsa mitanda ya nsima zikhalebe pamalo pake.

Mayi Nabanda, namwino: Pali anthu ofunika kusamala ndi phwete lalikulu, makamaka la magulu aja. Mu 2013 magazini ya madokotala ya BMJ inasonkhanitsa ngozi zolembedwa za kuseka, ndipo zambiri ndi zimene timaziona m'zipatala.

Mphumu ndiyo yoyamba. Mpweya wa ku Joni mu June ndi July ndi wozizira ndi wouma, kuphatikiza utsi wa mbaula ndi parafini m'zipinda zotseka. Kuseka kumalowetsa mpweya umenewu mofulumira, njira za m'mapapo n'kufinyika. Ngati mwana kapena wamkulu amatsokomola nthawi zonse akaseka, si kuti asiye kuseka, koma ndi chizindikiro chakuti mphumuyo sinagwidwe bwino ndipo akufunika pampu yoteteza ya tsiku ndi tsiku. Chifuwa chikabanika, mukhazikeni tsonga, mupopereni pampu ya salbutamol kamodzi, apume kangapo, mubwereze pa masekondi 30 mpaka 60 alionse mpaka ka 10. Madokotala a ku Cape Town anasonyeza kuti botolo la pulasitiki la 500 ml lobooledwa kunsi, pampu n'kulowetsa pabowopo, limathandiza mankhwala kufika m'mapapo. Ngati sakutha kumaliza chiganizo kapena milomo yada, imbani 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.

Ena amakomoka pakati pa chikhakhali chifukwa mphamvu ya m'chifuwa imakwera n'kutsekereza magazi obwerera ku mtima. Amadzuka msanga, koma akayezetse mtima. Amene wachitidwa opareshoni ya pamimba, monga mayi wobereka ndi mpeni, agwire pilo pabalapo akamaseka kapena kutsokomola, ndipo magulu oseka adikire mpaka dokotala atavomera. Chimodzimodzi amene matumbo amatulukira pamchombo kapena m'mphechepeche. Ndipo musamuseketse mwana ali ndi mtedza kapena nyama m'kamwa, kutsamwa sikuchedwa.

Amayi ambiri amene anabereka amadontha mkodzo akaseka, n'kumapewa macheza chifukwa cha manyazi. Izi zili ndi chithandizo. Finyani minofu ya kunsi ngati mukuletsa mkodzo ndi mpweya, osafinya matako kapena kugwira mpweya, gwirani mpaka masekondi 10, masulani, kasanu ndi katatu, katatu pa tsiku, kwa miyezi 3 osadukiza. Ambiri amasiya msanga asanaone kusintha.

Agogo Jere, mphunzitsi wopuma: Ana anga, ndiwonjeze kuti kuseka kwina ndi kulira kwa thupi. Mu January 1962 ku Kashasha, pafupi ndi Bukoba ku Tanganyika (Tanzania ya lero), atsikana a pasukulu yogonera anayamba kuseka osatha kusiya, ena akulira ndi kukomoka. Anakhudzidwa 95 mwa ophunzira 159, sukulu inatsekedwa, ndipo zinafalikira m'midzi yozungulira. Ofufuza sanapeze kachirombo kapena poizoni, anati ndi kupanikizika kwa maganizo kumene kunatulukira m'thupi. Tikaona munthu akuseka malo osayenera tisathamangire kunena kuti walodzedwa kapena ndi wamwano.

Mayi Nabanda, namwino: Zoona agogo. Palinso amene anachita sitiroko, amaseka kapena kulira mwadzidzidzi mtima usakufuna, chifukwa njira za mu ubongo zolamulira nkhope zinavulala. Kuli mtundu wina wa khunyu, wosowa, umene umaoneka ngati kuseka kwa masekondi ochepa kopanda chifukwa, makamaka mwa ana. Ndipo amene maondo amafooka kapena mutu kugwa akaseka, ali maso ndithu, komanso amasinza masana kulikonse, akaonane ndi dokotala wa ubongo. Zonsezi zili ndi mankhwala.

Tadala, Diepsloot: Alonda a usiku bwanji? Ndipo kodi munthu angakayezetse cortisol kuti adziwe ngati nkhawa yamukulira?

A Gondwe, a ku famase, Rosettenville: Musataye ndalama, Tadala. Cortisol amasintha ndi ola, ndi khofi, ndi mantha a jakisoni weniweniwo. Madokotala amamuyeza, kawirikawiri cha m'ma 8 koloko m'mawa, akamakayikira matenda a Addison kapena a Cushing (ochuluka cortisol), osati poyeza kukula kwa nkhawa. Kwa alonda, wotchi ya thupi imakweza cortisol m'mawa pamene iwo akufuna kugona, n'chifukwa chake tulo ta masana timakhala tochepa. Macheza ndi phwete aziike asanalowe ntchito kapena pa nthawi yopuma. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu asiye maola 6 asanagone, pawindo aphimbe ndi bulangete lakuda, foni aiike patali. Mowa wa poweruka umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati ndipo umakweza cortisol yemweyo.

Bambo Mbewe, Mayfair: Zamveka. Ndiye amene akufuna kudzionera yekha ngati BP yake ikusintha achite bwanji?

Mayi Nabanda, namwino: Apitirize mankhwala, ayeze moyenera, alembe m'kabuku. Mphindi 30 asanayeze asamwe khofi, asasute, asathamange, ndipo akodze kaye. Akhale pampando msana utatsamira, mapazi pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, kwa mphindi 5 ali chete. Lamba wa makina akhale wokwana mkono, wothina amanamiza n'kupereka nambala yokwera. Poyeza asalankhule ndipo asaseke, chifukwa zonsezi zimakweza nambala pa nthawiyo. Ayeze kawiri motalikirana mphindi imodzi, m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, kwa masiku 7. Za tsiku loyamba azisiye, zotsalazo apeze nambala ya pakati. Kunyumba malire ndi 135/85, ku kiliniki ndi 140/90. Kabukuko apite nako kwa namwino kapena dokotala, ndipo ngati manambala atsikadi, iwowo ndi amene angachepetse mankhwala. Akaona 180/110 kapena kuposa, pamodzi ndi mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, maso kuchita chimbuuzi, pakamwa kukhota kapena mkono kufooka, asadikire tsiku lake la kiliniki, apite ku chipatala nthawi yomweyo.